Frank Dixey

Sir Frank Dixey (7 Epulo 1892 – 1 Novembala 1982) anali katswiri wa sayansi ya miyala ndi madzi a pansi pa nthaka wochokera ku Britain. Anagwira ntchito ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, kuyambira mu 1921 mpaka mu 1939, ndipo pa zaka zonsezo ndiye ankatsogolera nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba. Amadziwika kwambiri ndi zimene analemba pofotokoza mmene chigwa cha Nyanja ya Malawi chinapangikira, komanso mmene mvula, mitsinje ndi mafunde zakhala zikuperesera mapiri ndi kusalaza dziko kwa zaka mamiliyoni ambiri.

Dixey ndiye anapatsa mayina magulu angapo a miyala ndi dothi la m'mphepete mwa nyanja, monga nsangalabwi za ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota ndi matope akale a Chiwondo ku Karonga. Anafufuza malo amene kunapezeka mafupa a dinosaur imene lero imatchedwa Malawisaurus dixeyi, anazindikira miyala ya bauxite pa phiri la Mulanje, ndiponso anatsogolera ntchito ya boma yokumba zitsime ndi mijigo m'midzi. Atachoka ku Nyasaland anagwira ntchito ku Northern Rhodesia, ku Nigeria ndi ku London.

Ubwana ndi maphunziro

Dixey anabadwira mumzinda wa Bristol ku England, koma anakulira ku Barry, tawuni ya padoko kum'mwera kwa Wales. Dera limenelo linali la migodi ya malasha, ndipo doko la Barry linali limodzi mwa madoko amene ankatumiza malasha ochuluka kwambiri kunja pa nthawiyo. Anaphunzira sekondale komweko, kenako anapita ku koleji ya ku Cardiff, imene inali nthambi ya University of Wales, kukaphunzira za miyala. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse anali msilikali m'gulu la mizinga la Britain.

Mu 1918 anatumizidwa ku Sierra Leone, ku West Africa, kuti akakhale katswiri wa boma wa za miyala. Anakhalako zaka 3. Kumeneko anaona mmene mvula yambiri ndi kutentha zimaoletsera thanthwe lolimba mpaka kusanduka dothi lofiira, ndipo analemba za zimenezi mu 1920. Nzeru imeneyi inadzamuthandiza pambuyo pake atakwera phiri la Mulanje.

Kubwera ku Nyasaland

Dixey anafika ku Zomba mu 1921 ali ndi zaka 29. Iye asanabwere, anthu ochepa okha ndiwo anali atalembako za miyala ya dzikoli. Henry Drummond wa ku Scotland anadutsa m'mbali mwa nyanja mu 1883, ndipo A. R. Andrew ndi T. E. G. Bailey anayendera madera ambiri pofufuza miyala ya mtengo wapatali, n'kusindikiza zimene anapeza mu 1910. Komabe panalibe mapu athunthu osonyeza mtundu wa miyala imene ili pansi pa dera lililonse.

Misewu ya galimoto inali yowerengeka. Ogwira ntchito za boma ankayenda maulendo aatali pansi kapena pa sitima za panyanja, ndipo katundu wawo ankasenza ndi amtengatenga. Amalawi amene ankalondolera njira, kusenza mabokosi a miyala ndi kukumba maenje ofufuzira anagwira gawo lalikulu la ntchitoyi, ngakhale kuti malipoti a nthawi ya atsamunda ankatchula kwambiri mayina a azungu. Chimene boma linkafuna kwa Dixey chinali chuma: malasha, laimu, miyala yogulitsa kunja ndi madzi. Koma kuti apeze zimenezi anayenera kumvetsa mbiri ya nthaka yonse, ndipo mbiri imeneyo ndiyo inam'tchukitsa.

Chigwa cha nyanja ndi makwerero a dziko

Mu 1926 Dixey anasindikiza nkhani yofotokoza chigawo cha Nyasaland cha chigwa chachikulu chotchedwa Great Rift Valley, chimene chimayambira ku Nyanja Yofiira n'kudutsa ku East Africa mpaka ku Mozambique. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimenechi. Ndi yaitali pafupifupi makilomita 570, pamwamba pa madzi ake pali pa mtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo ozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Izi zikutanthauza kuti pansi pake penipeni m'potsika kuposa pamwamba pa nyanja yamchere. Mtsinje sungakumbe dzenje lotero. Chigwachi chinapangika chifukwa thanthwe la pansi linang'aluka m'mizere italiitali, ndipo mbali ya pakati inatitimira. Kutitimirako sikunathe: zivomezi za ku Salima mu Marichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinachokera m'ming'alu yomweyo, ndipo akasupe a madzi otentha a Mawira pafupi ndi boma la Nkhotakota amatulukira m'ming'alu yotereyi.

Chimene Dixey anachiona bwino n'chakuti dziko la kunja kwa chigwacho lili ngati makwerero. Munthu wochokera ku Ngala, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Dwangwa, akalunjika kumadzulo amayamba kuyenda pa chidikha cha mchenga ndi matope. Kenako amakwera zitunda zodukaduka, zokhala ndi zigwembe zakuya, monga zimene zili m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota. Akamaliza kukwera amafika pa malo athyathyathya a ku Kasungu ndi Lilongwe, amene ali pa mtunda wa mamita 1,000 kapena kuposerako pang'ono. Kumpoto kuli malo ena athyathyathya okwera koposa, a Viphya ndi Nyika, kumene nsonga ya Nganda imafika mamita oposa 2,600.

Malo athyathyathya amenewa ali pa miyala yakale kwambiri, yopindikapindika, imene kale inali tsinde la mapiri aatali. Dixey anafotokoza kuti chinasalaza miyalayo ndi madzi. Mvula imalowa m'ming'alu n'kuoletsa thanthwe, mitsinje imanyamula zoolazo, ndipo dziko likakhala bata kwa nthawi yaitali mapiri amatha n'kutsala chidikha chachikulu. Mphamvu za pansi pa nthaka zikatukula dzikolo, mitsinje imayambanso kukumba ndi kupanga chidikha chatsopano m'munsi mwa choyamba chija. Motero khwerero lililonse ndi chotsalira cha nyengo imodzi ya kukokoloka, ndipo lokwera kwambiri ndilo lakale kwambiri. Iye ankaona kuti pamwamba pa Nyika panasalala m'nyengo ya Jurassic, zaka zoposa 145 miliyoni zapitazo, pamene zidikha za chigawo chapakati zinasalala m'nyengo ya Miocene, imene inatha zaka pafupifupi 5 miliyoni zapitazo. Maganizo amenewa anawalemba mwatsatanetsatane mu 1938 ndi mu 1942, ndipo anawafalitsira ku mayiko onse a pakati ndi kum'mwera kwa Africa.

Mitsinje ya Bua ndi Dwangwa imasonyeza bwino zimenezi. Kumtunda, m'madera a Mchinji ndi Kasungu, imayenda pang'onopang'ono m'madambo. Ikafika m'mphepete mwa chigwa imathamanga m'zigwembe za miyala ndi mathithi. Ikatsikira pa chidikha cha kunyanja liwiro limatha, ndipo imatula mchenga ndi matope amene yanyamula. Nthaka yachonde imene pali minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ndi ya mpunga ya m'mbali mwa Bua inachokera kumtunda mwa njira imeneyi.

Nsangalabwi za ku Dwangwa ndi magombe akale

Mu 1927 Dixey anasindikiza ku London nkhani yofotokoza dothi ndi miyala imene nyanja ndi mitsinje zinasiya m'chigwachi. Anazigawa m'magulu malinga ndi ukale wake: za Sungwa, za Chiwondo, za Chitimwe, nsangalabwi za ku Dwangwa, ndi zimene zikuunjikana masiku ano. Nsangalabwi za ku Dwangwa ndi miyala yosalala ndi mchenga zimene zili pamtunda, pamwamba pa pamene madzi a nyanja amafika lero.

Katswiri wa miyala amadziwa chimene chinanyamula mwala poyang'ana maonekedwe ake. Mwala umene wakunkhunizidwa ndi mtsinje kapena mafunde umakhala wobulungira, ndipo madzi amasankha: ikuluikulu payokha, mchenga pawokha, matope pawokha. Mchenga wouluzidwa ndi mphepo umakhala wosalala, wa timibulu tofanana kukula kwake, popeza mphepo singanyamule zolemera. Madzi oundana sasankha konse: amatula chimwala chachikulu, timiyala ndi dongo malo amodzi, ndipo miyala yake imakhala ndi zikande. Choncho mzere wa nsangalabwi zobulungira umene wapezeka patali ndi madzi umasonyeza kuti kale madzi oyenda kapena mafunde ankafika pamenepo. Dixey anapeza magombe akale otere m'malo osiyanasiyana m'mbali mwa nyanja, ndipo anatsimikiza kuti malire a nyanjayi akhala akusuntha.

Ntchito yomweyo ikuchitikabe pa gombe la Nkhotakota. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imaomba kuchokera kum'mwera kwa masiku angapo osalekeza, n'kuutsa mafunde aakulu amene asodzi a ku Ngala ndi madoko ena amawaopa. Mafundewo amafika pa gombe mopingasa, ndipo amakankhira mchenga chakumpoto pang'onopang'ono. Mchengawo umaunjikana n'kupanga timizere ta mtunda totulukira m'madzi, monga ka Sungu kamene kamatchinga doko la Nkhotakota, kapena kutseka pakamwa pa mitsinje ing'onoing'ono m'chilimwe. Thamanda la Chia, kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, lalekanitsidwa ndi nyanja yaikulu ndi kamtunda kopapatiza, ndipo limalumikizana nayo kudzera pa ngalande imodzi. M'dziko la mvula ngati Malawi mphepo siiperesa miyala monga imachitira m'chipululu. Mphamvu yake imaonekera kwambiri m'mafunde ndi mumchenga wa pagombe.

Kukwera ndi kutsika kwa nyanja

Pamene Dixey ankafika ku Nyasaland, nyanja inali itatsika kwambiri. Cha m'ma 1915 madzi anachepa mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanja. Mchenga wobwera ndi timitsinje ta m'mbali, pamodzi ndi bango ndi udzu, zinatseka njira yake, ndipo sitima zinalephera kudutsa. Madzi atayamba kukweranso anamiza minda ndi midzi imene anthu anamanga pamalo pouma paja, ndipo cha m'ma 1935 anabowola zotchingazo, Shire n'kuyambanso kuyenda.

Boma linkafuna kudziwa chimene chimachititsa zimenezi. Mu 1924 Dixey analemba m'magazini ya sayansi ya Nature poyerekeza msinkhu wa nyanja ndi mvula komanso timadontho takuda ta padzuwa, timene timachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Pa nthawiyo akatswiri ena ankaganiza chimodzimodzi za Nyanja ya Victoria. Miyeso ya zaka zotsatira sinagwirizane ndi ganizo la timadontho ta padzuwa. Chimene chinatsimikizika n'chakuti nyanjayi imataya madzi ake ambiri kudzera mu nthunzi, ndipo Shire amatulutsa gawo lochepa chabe. N'chifukwa chake zaka zingapo za mvula yambiri kapena yochepa zimakwanira kusuntha gombe. Mu 1965 ku Liwonde kunamangidwa chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage kuti chithandize kuwongolera madzi a Shire, amene amapukusa makina a magetsi a dziko lino. Mu 1980 nyanja inafika pa msinkhu wokwera kuposa zaka zonse zimene zinalembedwa, pafupifupi mamita 477.

Madzi oundana, madambo ndi chipululu

Gawo lalikulu la ntchito ya Dixey linali pa miyala ya gulu la Karoo, imene imapezeka ku Livingstonia, ku Ngana, m'chigwa cha North Rukuru ndi ku Lower Shire. Boma linkaifuna chifukwa muli malasha, makamaka pa nthawi imene kunkakonzedwa zomanga mlatho wa njanji pa Zambezi, umene unatsegulidwa mu 1935. Dixey anafufuza malasha a ku Sumbu ndi madera oyandikana nawo ku Lower Shire, komanso a kumpoto. Mgodi wa Mchenga m'boma la Rumphi uli m'miyala ya gulu lomweli.

Miyala ya Karoo inasanjikizana ngati masamba a buku, ndipo imasunga mbiri ya nyengo. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo Africa anali wolumikizana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica m'chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana, chimene chinali kufupi ndi nsonga ya kum'mwera kwa dziko lapansi. Madzi oundana ochindikala kwambiri anakuta mbali yaikulu ya chimtundacho. Madzi oundana akaunjikana motero amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake. Amazula miyala, kuikhwekhwereza pa thanthwe ndi kusiya zikande zolunjika mbali imodzi, ndipo akasungunuka amatula zonse mosakanikirana. Zikande zoterezi zimaoneka bwino pa matanthwe a ku Nooitgedacht pafupi ndi Kimberley ku South Africa, ndipo miyala ya nyengoyo imatchedwa ya Dwyka. Akatswiri amaika miyala ya pansi penipeni pa gulu la Karoo kumpoto kwa Malawi m'nyengo yomweyo ya madzi oundana.

Kuzizira kutatha kunabwera madambo ndi nkhalango, zimene zinakwiririka n'kusanduka malasha. Pamwamba pa malashawo pali miyala ya mchenga ndi matope ofiira, yosonyeza nyengo yotentha ndi youma. M'miyala ya ku Chiweta, m'munsi mwa Livingstonia, Dixey anatolamo mafupa a nyama zokwawa zimene zinalipo ma dinosaur asanakhaleko, ndipo mtundu wina unapatsidwa dzina lakuti Dixeya.

Chipululu chinafikanso m'chigwachi m'nthawi yaposachedwapa. Mu 2005, patatha zaka 23 Dixey atamwalira, akatswiri anabowola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope a zaka zoposa 1 miliyoni. Matopewo anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, nyanja inatsika ndi mamita mazanamazana n'kutaya madzi ake ochuluka, ndipo dziko lozungulira linali louma ngati m'mphepete mwa chipululu. Pa nthawi zimenezo malo amene lero ndi gombe la Ngala anali kutali ndi madzi. Dixey ankatha kuona magombe akale a pamtunda okha, pamene magombe a nyengo za chilalazi ali pansi pa madzi.

Mafupa a ku Karonga

Mu 1924 mafupa aakulu osanduka mwala anadziwika m'dera la Mwakasyunguti m'boma la Karonga, m'zigwembe zimene madzi a mvula akumba m'miyala yofewa ya mchenga. Dixey anafufuza malowo, anafotokoza miyala yake, ndipo mafupawo anatumizidwa ku South Africa. Mu 1928 Sidney Haughton analemba kuti ndi a dinosaur yodya masamba, ya khosi lalitali, ndipo anaitcha Gigantosaurus dixeyi polemekeza Dixey. Nyamayi inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 gulu la akatswiri a ku United States ndi a nthambi ya boma la Malawi yoona za zinthu zakale linakumbanso m'deralo n'kupeza mafupa ena ambiri. Mu 1993 Louis Jacobs, Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani anapatsa nyamayo dzina latsopano lakuti Malawisaurus dixeyi. Gomani, amene ndi Mmalawi, anadzafotokozanso dinosaur ina ya m'miyala yomweyo, Karongasaurus, mu 2005. Chifaniziro cha mafupa onse a Malawisaurus chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Matope a Chiwondo, amene Dixey anawatchula mu 1927, nawonso anadzatchuka. Mu 1991 gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapezamo, pamalo otchedwa Uraha, chibwano cha munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Mulanje ndi Chilwa

Mu 1924 Dixey anazindikira bauxite, dothi lopangira aluminiyamu, pamwamba pa phiri la Mulanje m'dera la Lichenya. Bauxite amapangika mvula yambiri ikatsuka thanthwe kwa nthawi yaitali, n'kuchotsamo zonse zosungunuka ndi kusiya zosasungunuka. Mpaka lero sanayambe kukumbidwa, ndipo nkhani yomukumba imadzetsa mkangano chifukwa phirili ndi gwero la mitsinje yambiri ndiponso kwawo kwa mkungudza wa Mulanje. Mu 1927 analemba nkhani yofotokoza phiri lonselo. Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, anayamba ngati chiphalaphala chimene chinazizirira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Madzi anakokolola miyala yofewa yozungulira, ndipo thanthwe lolimbalo linatsala chiimire pakati pa chidikha.

Pa chilumba cha Chisi, chimene chimatchedwanso Chilwa, komanso pa timapiri tina ta kum'mwera, pali miyala ya gulu limene Dixey analitcha la Chilwa. Pa chilumba cha Chilwa, ku Tundulu ndi ku Kangankunde pali miyala ya laimu yachilendo. Nthawi zambiri mwala wa laimu umapangika pansi pa madzi, koma Dixey pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset anasonyeza m'zaka za m'ma 1930 kuti imeneyi inachokera m'mapiri ophulika. Miyala yotere imatchedwa carbonatite, ndipo ya ku Chilwa inali yoyamba kuzindikiridwa mu Africa. Mu 1960 phiri la Oldoinyo Lengai ku Tanzania linaoneka likutulutsa chiphalaphala cha mtundu womwewo. Lero miyala ya ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ya pa phiri la Songwe ku Phalombe ikufunidwa chifukwa muli zitsulo zosowa zimene zimalowa m'maginito a makina a magetsi ndi m'zipangizo zina zamakono.

Zitsime ndi mijigo

Ntchito ya Dixey imene inakhudza anthu wamba mwachindunji inali ya madzi. M'madera ambiri anthu ankathinana m'mbali mwa mitsinje yosaphwa, pamene malo ena achonde ankakhala opanda anthu chifukwa m'chilimwe munalibe madzi. Nyumba ya malamulo ya Britain itakhazikitsa thumba la chitukuko cha maiko a atsamunda mu 1929, nthambi ya Dixey inalandira ndalama zokumbira zitsime ndi kubowola mijigo, ndipo ntchitoyo inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930.

Apa m'pamene kudziwa mbiri ya nthaka kunapindula. Pa zidikha zakale za kumtunda thanthwe linaola mozama, ndipo gawo loolalo limasunga madzi ngati siponji. Pa zitunda zotsetsereka mitsinje inakokolola kale gawo limenelo, choncho madzi amapezeka m'ming'alu mokha. Pa chidikha cha kunyanja, monga cha Nkhotakota ndi Salima, madzi ali mumchenga ndi m'nsangalabwi zimene mitsinje ndi mafunde zinasiya, ngakhale kuti pena dongo limatchinga. Kugawa dziko motere kukugwiritsidwabe ntchito posankha pobowola mjigo. Mu 1931 Dixey anasindikiza buku lotchedwa A Practical Handbook of Water Supply, lolangiza za kupeza madzi ndi kukumba zitsime, ndipo linasindikizidwanso mu 1950.

Atachoka ku Nyasaland

Mu 1939 Dixey anasamukira ku Northern Rhodesia, lero Zambia, kukakhala mkulu wa nthambi yotukula za madzi. Kumadzulo kwa dzikolo, m'madera ozungulira Mongu, nthaka ndi mchenga wakuya wa Kalahari. Mbali yaikulu ya mchengawo inayalidwa ndi mphepo m'nyengo zouma zakale, ndipo milu yake yakale, imene lero yamera mitengo ndi udzu, imaonekabe. Mu 1944 anasindikiza nkhani yofotokoza maonekedwe a dziko lonselo ndi makwerero ake. M'zaka za nkhondo yachiwiri anafufuzanso za madzi m'dera louma la kumpoto kwa Kenya, ndipo ntchito yokumba zitsime ndi madamu imene boma la atsamunda linachita kumeneko m'zaka za m'ma 1950 inkadziwika ndi dzina lake.

Kuyambira mu 1944 mpaka mu 1947 anatsogolera nthambi yofufuza za miyala ku Nigeria. Kenako anaitanidwa ku London kukakhala mlangizi wa boma la Britain pa za miyala ndi mkulu woyang'anira nthambi zotere m'maiko onse a atsamunda, udindo umene anakhala nawo mpaka mu 1959. Pa zaka zimenezo nthambizi zinalemba akatswiri ambiri ndi kuyamba kujambula mapu pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa pa ndege. Mu 1956 anasindikiza kabuku kotchedwa The East African Rift System.

Ulemu ndi imfa

Dixey analandira ulemu wa OBE mu 1929 ndi wa CMG mu 1949. Bungwe la Geological Society of London linamupatsa mendulo ya Murchison mu 1953, ndipo mu 1958 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Mu 1972 anapatsidwa ulemu wa KCMG, n'kuyamba kutchedwa Sir. Anamwalira ku England pa 1 Novembala 1982 ali ndi zaka 90.

Mmene ntchito yake imaonedwera lero

Zina mwa zimene Dixey analemba zinasinthidwa. Lester King wa ku South Africa anapereka mayina ena ndi zaka zina kwa makwerero a dziko, ndipo mu 1967 Linley Lister anafotokozanso za makwerero a Malawi potsata njira ya King. Akatswiri a masiku ano, amene ali ndi zida zoyezera ukale wa miyala, amakayikira zoti malo angakhale osasintha kuyambira m'nyengo ya Jurassic, ndipo amaona kuti makwerero ena anapangika chifukwa ming'alu inadula chidikha chimodzi, mbali ina n'kukwera ina n'kutsika. Kufufuza pansi pa nyanja kwasonyezanso kuti chigwachi sichinatitimire mofanana mbali zonse. Mng'alu waukulu umasinthasintha mbali, n'chifukwa chake ku Usisya mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, pamene ku Nkhotakota kuli chidikha chotakata ndi gombe losaya.

Ngakhale zili choncho, mayina amene anapereka, monga Chiwondo, Chitimwe ndi Chilwa, akugwiritsidwabe ntchito m'mabuku a sayansi, ndipo nthambi imene ankatsogolera idakali ku Zomba. Mfundo yake yakuti gombe la nyanja ndi njira za mitsinje ya m'chidikha zimasuntha ikutsimikizikabe. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anawononga midzi ndi kudula msewu wa M5 m'dera la Dwangwa, ndipo m'miyezi yotsatira nyanja inakwera n'kumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Malo ambiri amene anamira ali pa mchenga ndi matope zimene mitsinje ndi nyanja yomweyo zinayala kale.